Kodi Chikhalidwe cha Ana Chilowe Bwanji m'Phunziro la Chingerezi?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Chingerezi amene amaphunzitsa ana a zaka 13 ndi 14. Alemba motere: "M'kalasi mwanga muli ana ochokera m'makomo osiyanasiyana. Ambiri kwawo sayankhula Chingerezi, ena amayankhula Chingerezi chosiyana ndi cha m'mabuku. Akuluakulu atiuza kuti tiziphunzitsa moganizira chikhalidwe cha ophunzira. Ndinakonza tsiku loti aliyense abwere ndi zovala ndi nyimbo za kwawo. Anasangalala kwambiri, koma sabata yotsatira titabwerera ku buku lathu, chete uja anabwereranso. Mabuku ndi osankhidwa kale, mayeso amafuna Chingerezi cha m'mabuku, ndipo zinenero za anawa ine sindizidziwa. Kodi zimenezi si kungotaya nthawi?"

Aphunzitsi, tsiku lija simunalitaye, kungoti munapaka mankhwala pamene sipakupweteka. Ana anavina Lachisanu, Lolemba n'kupeza buku lomwe lija, mafunso omwe aja, ndi cholembera chofiira chomwe chija. Chikhalidwe chawo chinalandiridwa ngati mlendo: chinapatsidwa mpando, chinaomberedwa m'manja, kenako n'kuperekezedwa kuti eninyumba apitirize ntchito. Ana amaona zimenezi. Amazindikira kuti za kwawo ndi za pa chisangalalo, pamene zobweretsa malikisi zili kwina.

Zovala ndi nyimbo ndi chikhalidwe ndithu, koma chimene chimamanga mwana pakamwa m'phunziro la Chingerezi sichioneka ndi maso. Ndi mmene kwawo amayambira nkhani ndi mmene amaitsirizira. Ndi nthawi imene mwana amaloledwa kuyankhula pamaso pa wamkulu, ndi kumene amayang'ana akamayankhula. Ndi zimene akudziwa kale za ukwati, imfa, ngongole, manyazi ndi ulemu, zimene amabwera nazo pa tsamba lililonse limene mwamuuza kuti awerenge. Ntchito yanu yagona pamenepo, ndipo imachitika Lolemba, m'buku lomwe lija la pa silabasi.

Njira imene akuluakulu anu akunenayi inakhwimira ku America. Dzina lake, culturally responsive teaching, linatchuka ndi buku la Geneva Gay la mu 2000. Koma ine ndimakonda kuyambira pa Gloria Ladson-Billings, chifukwa anayamba ndi funso labwino. Ambiri nthawi imeneyo ankafufuza chifukwa chimene ana akuda a ku America amalepherera. Iye anatembenuza funsolo: ndi aphunzitsi ati amene ana omwewa amakhoza m'manja mwawo, ndipo aphunzitsiwo amatani? Anapempha makolo ndi aphunzitsi aakulu m'dera lina la kumpoto kwa California kuti amutchulire aphunzitsi otero. Anapeza 8, akuda 5 ndi azungu 3, nakhala m'makalasi awo nthawi yaitali. Sankaphunzitsa mofanana. Wina anali wolimba mwambo, wina womasuka. Wina wotsata buku, wina ayi. Zimene anagwirizana, monga iye analembera mu 1995, zinali zitatu: ana azikhoza maphunziro enieni, asataye za kwawo pamene akuphunzira za ena, ndiponso aphunzire kufunsa chifukwa chimene zinthu zilili mmene zilili pakati pa anthu. Taonani chimene chili patsogolo, ndi kukhoza. Amene angakuuzeni kuti njira iyi ndi yofewetsa maphunziro kapena yongosangalatsa ana, sanaimvetse. Taonaninso kuti atatu mwa aphunzitsiwo sanali a mtundu wa ana awo, koma makolo anawatchula.

Tiyambe ndi kuwerenga. Mu 1979, Margaret Steffensen, Chitra Joag-Dev ndi Richard Anderson anapereka makalata awiri kwa akuluakulu ophunzira bwino, ena a ku America, ena a ku India. Kalata ina inkafotokoza ukwati wa ku America, inayo ukwati wa ku India, zonse m'Chingerezi. Gulu lililonse linawerenga msanga kalata ya ukwati wa kwawo, n'kukumbukira zambiri za m'menemo. Pa ukwati wachilendo sanangoiwala zina, anazipotoza. M'kalata ya ku America munali mawu akuti mkwatibwi anavala diresi limene agogo ake anakwatiwira. Kwa anthu a kumeneko ichi n'chokhudza mtima, kulemekeza banja. Mmodzi wa a ku India anakumbukira kuti mkwatibwi ankaoneka bwino, kungoti diresi linali lakale ndi lotha fasho. Nawonso a ku America, atawerenga za chuma chimene banja la mkwatibwi limapereka ku banja la mkwati, anangochiona ngati kupatsana mphatso.

Awa anali anthu odziwa Chingerezi. Chimene chinawasowa ndi zimene wolemba sanalembe poganiza kuti aliyense akuzidziwa. Nkhani iliyonse ili ndi mipata yotere, ndipo wowerenga amaitseka ndi za kwawo, osadziwa n'komwe kuti akutero. Tsono mwana akayankha molakwika funso la kumvetsa nkhani, musafulumire kunena kuti sadziwa kuwerenga. Mufunseni, "Unaganiza bwanji kuti ufike pamenepa?" Kawirikawiri mudzapeza kuti anaganiza mwanzeru, kungoti anamanga pa maziko ena.

Musanalowe m'kalasi, werengani ndime ya tsikulo muli ndi pensulo m'manja. Mawu ovuta muwachonge, inde, koma mufunefunenso zimene wolemba wasiya zosanena. N'chifukwa chiyani m'nkhaniyi n'zamanyazi kuti munthu wa zaka 25 akukhalabe ndi makolo ake? N'chifukwa chiyani m'ndakatuloyi mvula ikuimira chisoni, pamene kwa mwana wina mvula ndi chimwemwe chachikulu cha chaka chonse? Mukapeza mpata wotere, uikeni poyera. Funsani kalasi, "Kwanu mvula ikayamba, anthu amamva bwanji?" Mayankho adzasiyana, ndipo kusiyanako ndiye phunziro. Kenako nenani, "Tsopano tione mlakatuli uyu. Iye akumva bwanji, ndipo ndi mawu ati amene akutiuza zimenezo?" Zatenga mphindi zisanu. Mwana wayankhula chimene akuchidziwa bwino kuposa inu, ndipo wabwereranso pa tsamba kukafuna umboni, chomwe ndi chimene mayeso adzamufunse.

Tsopano za chete uja. Ku Honolulu, ku Hawaii, kunali pulogalamu yophunzitsa ana a eni dziko yotchedwa Kamehameha Early Education Program. Ana ankatsalira pa kuwerenga. Kathryn Au, amene analemba za izi mu 1980, anaonetsa kuti kwawo anawa ali ndi kachezedwe kotchedwa talk story: anthu awiri kapena atatu amafotokoza nkhani imodzi pamodzi, wina kuyamba chiganizo, mnzake kuchitsiriza, mawu kumalowana popanda wokwiya. Pamene lamulo lozolowereka la m'kalasi ndi lakuti kweza dzanja, dikira utchulidwe, yankha wekha anzako onse akukuyang'ana. Aphunzitsi atalola kuti pokambirana nkhani ana aziyankha mothandizana, iwo n'kungogwira chiwongolero kuti mutu usasochere, ana omwe aja anayamba kuyankhula zambiri za nkhaniyo, ndipo kawerengedwe kawo kanakwera.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndi imene ndikufuna muisunge. Njira yomweyo itatengedwa kupita ku sukulu ya ana a Navajo ku Rough Rock, ku Arizona, sinayende momwemo. Ana a Navajo sankalowana mawu. Aliyense ankayankhula yekha, motalika, anzake akudikira mpaka atsirize. Ankafuna amve nkhani yonse kaye, osati kuiduladula ndi mafunso. Ankathandizana bwino m'timagulu ting'onoting'ono ta anyamata okha kapena atsikana okha. Magulu onse awiri anali ana a eni dziko ophunzira m'Chingerezi, koma chimene chinatsegula pakamwa ena sichinatsegule enawo. N'chifukwa chake sindikupatsani mndandanda wakuti ana a mtundu wakutiwakuti amaphunzira motere. Mindandanda yotero ilipo, ndipo ndimaiopa, chifukwa imasandutsa mwana kukhala chitsanzo cha mtundu wake musanamve n'komwe mawu ake.

Chimene mungachite ndi kuyang'ana. Pa nthawi yopuma imani panja. Mwana amene m'kalasi satulutsa liwu, panja amayankhula ndi yani, ndipo motani? Ndi wonena nthabwala? Ndi woweruza anzake akakangana? Mukatero yesani kusintha njira yoyankhira, osati funso. Lero ayambe akambirana awiriawiri, mawa alembe kaye mizere iwiri asanayankhule, mkuja gulu lipereke yankho limodzi mothandizana. Ndipo dikirani. Mary Budd Rowe anayeza m'zaka za m'ma 1970 napeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho ankatalika ndipo ana ambiri ankayankha nawo. Ganizirani tsono mwana amene akumva funso m'Chingerezi, kuliganizira m'chinenero china, kenako kumanganso yankho m'Chingerezi. Sekondi imodzi imatha iye asanatsegule pakamwa.

Funso lenilenilo nalonso lili ndi chikhalidwe chake. Shirley Brice Heath anakhala zaka pafupifupi 10 pakati pa mabanja ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu m'dera la Carolina, ku America. M'mudzi wina wa anthu akuda anapeza kuti akuluakulu sankakonda kufunsa ana mafunso amene yankho lake akulidziwa kale, monga "Ichi ndi chamtundu wanji?" Funso lozolowereka linali lakuti, "Ichi chikufanana ndi chiyani?" Ana amenewa ankafika kusukulu ali akatswiri ofananitsa zinthu, koma makalasi oyambirira ankangofuna kutchula maina ndi mitundu, ndipo ankaoneka ngati osadziwa kanthu. Kwa mphunzitsi wa Chingerezi luso lofananitsali ndi chuma, popeza ndakatulo zonse zimakhalira pomwepo.

Ndifike pa cholembera chofiira, pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ndikuonerera mphunzitsi wachinyamata, wakhama, wokonda ana ake. Mtsikana wina anaimirira kuwerenga chimangirizo chake chonena za agogo ake aakazi amene anadwala. Anayamba, "My grandmother, he was very strong." Mphunzitsi anati, "She." Mwana anabwereza, napitiriza. Mzere wachitatu, "he" uja anabweranso. "She!" Kachitatu mwana anaima, nayang'ana kope, nalitseka. Anati wamaliza. Belu litalira ndinapempha kuona kopelo. Munali tsamba lathunthu ndi theka zimene sanawerenge. Penapake analemba kuti manja a agogowo, amene kale ankamunyamula, tsopano ankalephera kugwira supuni, ndipo iye ankanamizira kuti sakuona kuti agogo asachite manyazi. M'kalasi monsemo palibe amene analemba chiganizo choposa chimenecho, ndipo palibe amene anachimva.

Mphunzitsiyo sananame, mayeso amafunadi "she". Analakwitsa nthawi, ndiponso sanadziwe kumene "he" uja akuchokera. Zinenero zambiri padziko sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, monga momwe ife timanenera "iye" kwa onse. Chiteki, Chifinishi ndi Chiswahili zili momwemo. Mwana wotere sakuchita ulesi. Akutsatira lamulo lenileni la chinenero chenicheni, ndipo Chingerezi chikumupempha kuti aziganizira chinthu chimene kwawo sichifunika kutchulidwa. Titakambirana, mphunzitsiyo anayesa njira ina sabata yotsatira. Wowerenga aliyense ankamusiya atsirize. Choyamba chimene ankanena chinali cha nkhaniyo, osati cha galamala. Kenako anadula bolodi pakati ndi choko, nafunsa kalasi yonse, "M'chinenero cha kwanu, mukamanena za munthu amene palibe, timadziwa bwanji kuti ndi mwamuna kapena mkazi?" Ana anayamba kutsutsana. Wina anati kwawo pali mawu awiri ngati m'Chingerezi, wina anati ndi amodzi, wina anati kwawo ngakhale tebulo ndi mpando zimakhala zachimuna kapena zachikazi. Mphunzitsiyo ankalemba zonse mbali imodzi, ana akumukonza kalembedwe, mbali inayo n'kulemba mmene Chingerezi cha mayeso chimanenera.

Apa ndi pamene ndikuyankha nkhawa yanu yakuti zinenero za ana simuzidziwa. Simukusowa kuzidziwa. Akuzidziwa ndi iwo. Inu mukudziwa Chingerezi, ndiponso mukudziwa kufunsa funso loti lamulo libwere poyera. Mwana amene waona ndi maso ake kuti "kwathu timatere, Chingerezi chimatere" amadziwa pamene ayenera kusamala akamawerenganso zimene walemba. Amene anangouzidwa "She!" kakhumi amangodziwa kuti amalakwa.

N'chimodzimodzinso ndi ana amene amayankhula Chingerezi cha mtundu wina. M'Chingerezi cha anthu ambiri akuda a ku America, "He be working" si kulakwitsa kwa "He is working". Tanthauzo lake ndi lakuti amagwira ntchito nthawi ndi nthawi, ndicho chizolowezi chake, pamene "He working" ndiye kuti akugwira pakalipano. Ndi kusiyanitsa kwa nthawi ya mneni kumene ife timakumva mosavuta pa "amagwira" ndi "akugwira". Mu 1979 khoti linaweruza nkhani yotere ya ku Ann Arbor, ku Michigan. Makolo a ana akuda a pa sukulu ina ya pulaimale anadandaula kuti ana awo akuonedwa ngati operewera nzeru chifukwa cha kayankhulidwe kawo. Woweruza Charles Joiner analamula kuti akuluakulu a maphunziro athandize aphunzitsi kudziwa chiyankhulo cha kunyumba cha anawo ndi kugwiritsa ntchito chidziwitsocho powaphunzitsa kuwerenga Chingerezi cha m'mabuku. Sanalamule kuti ana asiye kuphunzira Chingerezi cha m'mabuku. Analamula kuti aphunzitsi aphunzire.

Pano ndikuchenjezeni za dzenje la mbali inayo, chifukwa aphunzitsi amtima wabwino amagweramo. Poopa kukhumudwitsa mwana, amasiya kumukonza. Lisa Delpit analemba mu 1988 kuti pali malamulo a kayankhulidwe ndi kalembedwe amene amatsegula makomo a ntchito ndi maphunziro apamwamba, kuti ana a m'mabanja ena amawayamwira kunyumba, ndipo enawo ayenera kuuzidwa malamulowo momveka, popanda kuzungulira. Ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Kusiya mwana osamuphunzitsa Chingerezi cha mayeso ndi kumutsekera khomo mukumumwetulira. Muphunzitseni, ndipo mumuuze zoona: kayankhulidwe ka kwanu n'kokwanira, kali ndi malamulo ake, koma kalata yofunsira ntchito ndi pepala la mayeso zimafuna aka, ndipo ine ndikuphunzitsa mpaka ukadziwe. Pochonga, sankhani zolakwika za mitundu iwiri zimene zikubwerezedwa, muzigwire mpaka zithe, m'malo mofiiritsa tsamba lonse. Ndemanga yanu yoyamba ikhale ya maganizo ake. Ndipo ngati mwana akufuna kukonza mfundo zake m'chinenero cha kwawo asanalembe m'Chingerezi, musiyeni. Jim Cummins wa ku Canada wakhala akuonetsa kuyambira m'ma 1970 kuti luso losanja mfundo ndi kumvetsa nkhani limene mwana wapeza m'chinenero chimodzi limawolokera ku chinacho.

Delpit yemweyo anapereka chitsanzo chaching'ono chimene chingakuthandizeni pa mwambo. Mphunzitsi akati, "Kodi sizasi imakhala pamenepa?" akutanthauza kuti ichotse. Mwana amene kwawo lamulo limanenedwa ngati lamulo amamva funso chabe, sachotsa, n'kutchedwa wamwano. Mukafuna chinthu chichitike, chineneni molunjika.

Nanga zozama za m'mabuku, zophiphiritsa, mawu okuluwika, wolemba kunena china akutanthauza china? Aphunzitsi ambiri amaganiza kuti ana otsalira sangazifike, ndiye amawapatsa mafunso a "ndani" ndi "kuti" okhaokha. Carol Lee anaonetsa zosiyana m'masukulu a sekondale a ku Chicago kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ophunzira ake akuda anali ndi masewera a pakamwa otchedwa signifying, kutonzana mwaluso, kulasa mnzako ndi mawu amene pamwamba akuoneka osalakwa. Lee anayamba ndi timakambirano totere tolembedwa pa pepala. Ana ankamva tanthauzo nthawi yomweyo n'kuseka. Iye sankafunsa kuti zikutanthauza chiyani, ankafunsa kuti, "Wadziwa bwanji kuti sakutanthauza zimene wanenazo? Chakuuza n'chiyani?" Ana anayamba kutchula njira zimene ankagwiritsa ntchito osazidziwa: mawuwa sakugwirizana ndi zimene zikuchitika, akukokomeza dala, liwu ili lili ndi matanthauzo awiri. Atazitchula, anazitengera ku mabuku akuluakulu a nthano zopeka, ndipo anapita patsogolo kuposa anzawo amene anaphunzitsidwa mwa njira yakale.

Ana anu nawonso ali ndi zawo. Palibe chinenero chopanda miyambi, zining'a, ndagi kapena nthabwala zolasa. Musanaphunzitse zophiphiritsa za m'ndakatulo ya pa silabasi, pemphani aliyense abwere ndi mwambi umodzi kapena mzere umodzi wa nyimbo umene sutanthauza zimene ukunena. Awumasulire m'Chingerezi liwu ndi liwu, anzake ayese kuumasula, mwini wake awauze ngati alasa. Kenako funso la Lee lija: wadziwa bwanji? Mukatsegula buku, simukuwaphunzitsanso luso lachilendo. Mukuwaonetsa kuti mlakatuli akusewera masewera amene iwo amasewera kale.

Za mabuku osankhidwa kale musade nazo nkhawa kwambiri. Rudine Sims Bishop analemba mu 1990 kuti mabuku amakhala ngati kalilole, pamene mwana amadziona yekha, komanso ngati zenera kapena chitseko, pamene amaona ndi kulowa m'moyo wa ena. Mwana amafunika zonse. Wongoona mawindo okhaokha amaphunzira kuti anthu onga iye salowa m'mabuku. Wongoona akalilole okhaokha amakula akuganiza kuti dziko lonse ndi iye. Ngati buku la pa silabasi ndi zenera kwa ana anu ambiri, liphunzitseni bwino ngati zenera, ndipo pambali pake ikani kalilole wamng'ono: ndakatulo ya mizere 12, nkhani ya tsamba limodzi, kalata, zokhudza mutu womwewo koma zochokera kufupi ndi moyo wawo. Muzifunsanso funso limene wolemba sanafunse. M'nkhaniyi ndani sakuyankhula? Wantchito amene wangotsegula chitseko uja anaona zotani? Alembe ndime imodzi ndi mawu a munthu ameneyo, motsamira pa umboni wa m'buku. Ichi ndi chachitatu chija cha Ladson-Billings, ndipo n'kuwerenga kozama kuposa kuloweza maina a ampangankhani.

Kuti mudziwe zimene zili m'makomo mwa ana anu, pali chitsanzo cha Luis Moll ndi anzake ku Tucson, ku Arizona, chimene analemba mu 1992. Aphunzitsi ankayendera mabanja ochokera ku Mexico, osati kukanena zolakwa za mwana, koma kukaphunzira. Anapeza odziwa ulimi, ukalipentala, umakaniko, mankhwala a zitsamba, malonda. Mphunzitsi wina anapeza kuti wophunzira wake amagulitsa maswiti ochokera ku Mexico, ndipo pa maswitiwo anamangapo maphunziro a sabata yathunthu, ofufuza, owerengera ndi olemba. Ngati kuyendera makomo n'kosatheka, makomowo abwere pa pepala. Mwana aliyense afunse munthu wamkulu mmene amagwirira ntchito inayake imene amaidziwa bwino, m'chinenero chilichonse, kenako alembe m'Chingerezi. M'menemo muli kale za pa silabasi: kupanga mafunso, kulemba mwachidule, kusintha mawu a mwini kukhala ofotokozedwa ndi wina, kusanja ndime motsatana. Nenani "munthu wamkulu aliyense", musanene "agogo ako" kapena "bambo ako". Ana ena alibe, ena anathawa nkhondo, ndipo ntchito yofuna kuwalemekeza ikhoza kutosa bala.

Samalaninso kuti musasandutse mwana kazembe wa mtundu wake. "Iwe, tiuze mmene anthu a kwanu amachitira" ndi funso lolemera kwa mwana wa zaka 13 amene akungofuna kufanana ndi anzake. Funsani kalasi yonse, ayankhe wofuna. Mwina mudzapeza kuti amene mumamuganizira za miyambo ya makolo ake, mtima wake uli pa mpira kapena pa masewera a pafoni, ndipo amatha kufotokoza malamulo ake mwadongosolo lodabwitsa. Chimenechonso ndi chikhalidwe chake, chigwiritseni ntchito. Komanso kulemekeza za kunyumba sikutanthauza kuvomera zonse. Mnyamata akanena kuti kwawo atsikana satsutsa amuna, mumumvere, mukambirane ngati mutu weniweni, koma m'kalasi mwanu mtsikana atsutsabe.

Judith Kleinfeld, atayang'ana aphunzitsi a ana a eni dziko ku Alaska, analemba mu 1975 kuti amene ankapambana anali ofunda mtima koma osalekerera. Ankayamba adziwana ndi mwana, kenako n'kumufunsa zambiri, osalola yankho la "sindikudziwa" kukhala mapeto. Aphunzitsi achifundo chokhachokha, amene ankamvera ana chisoni n'kusiya kuwafunsa, ana awo ankapitiriza kukhala chete. Ndanena izi chifukwa m'kalata yanu ndamvamo kutopa, ndipo mphunzitsi wotopa wamtima wabwino amayamba kudumpha ana achete kuti asawavutitse. Musawadumphe. Muuzeni mwana mwakachetechete phunziro lisanayambe kuti, "Lero ndikufunsa za ndime yachiwiri, konzeka," ndipo nthawi ikafika mumufunsedi, mudikire.

Tsiku la zovala lija mukadzalichitanso, lidzakhale chiyambi cha ntchito ya masabata awiri. Aliyense adzasankhe chinthu chimodzi chimene anabwera nacho, adzafunse kunyumba mbiri yake, adzalembe chimangirizo chofotokozera munthu amene sanachionepo, mnzake wa chinenero china adzawerenge n'kuchonga pamene sanamve, mwini wake adzalembenso kachiwiri. Mudzachichonge ndi muyeso womwe mumachongera zina zonse, ndipo malikisi ake adzalowe m'buku lomwe lija la malikisi a teremu.